Chipilala Chapendekeka, Chatitimira Kapena Chang'aluka: Kupeza Vuto la Maziko ndi Kulikonza

Mvula ikamadula mu Epulo, madandaulo a zipilala amabwera ofanana chaka ndi chaka. Geti lomwe linkatsekeka bwinobwino layamba kukhula pansi. Loko sakukumananso ndi bowo lake. Chipilala cha nyale chaweramira kumsewu, choikapo mphika wa maluwa chikugwedera mwana akangochitsamira. Ambiri amagula simenti pang'ono n'kumata pomwe pang'aluka, koma dzinja lotsatira mng'alu umatulukira pomwepo. Njerwa zomwe mukuzionazo nthawi zambiri sizinalakwe. Chalakwika chili pansi: kukula kwa maziko, dothi lomwe akhalapo, ndi madzi omwe akufika pamenepo.

Zomwe zili m'munsimu ndi za zipilala zoima pazokha zosapitirira mamita 2 kutalika: za geti, za mpanda, za nyale ndi zoikapo miphika ya maluwa. Chipilala chonyamula denga la khonde kapena thanki ya madzi ndi nkhani ina, yofuna injiniya.

## Yezani kaye, fosholo pambuyo

Diso limanama, makamaka pamalo otsetsereka. Musayambe kukumba musanadziwe kuti chipilalacho chasuntha motani, komanso ngati chikusunthabe.

- Khomani msomali pamwamba pa chipilala, utuluke masentimita 10. Mangirirani chingwe chokhala ndi nati yolemera kumapeto, chilendewere mpaka pafupi ndi pansi. Yezani mpata wa pakati pa chingwe ndi njerwa m'mwamba ndi m'munsi. Kusiyana kwa miyeso iwiriyo ndiko kupendekeka kwa chipilala. Chitani zimenezi mbali ziwiri zoyandikana, chifukwa chipilala chimatha kugwera chapangodya.
- Lembani muyesowo ndi tsiku lake. Bwerezani pakatha milungu 2 iliyonse, ndiponso m'mawa wotsatira mvula yamphamvu.
- Ngati pali mng'alu, lembani ndi pensulo pomwe wathera. Khadi la ATM silikwana milimita imodzi kuchindikala. Pensulo ndi pafupifupi mamilimita 7. Mng'alu wolowa khadi lokha ndi woyang'anira, wolowa pensulo ndi wochitapo kanthu lero.
- Kumbani kadzenje kolowa fosholo mbali imodzi yokha, osati mbali yomwe chikuweramira, mpaka muone pomwe maziko athera. Ngati ndi cha geti, chotsani geti kaye. Onani kuya kwake, kuchindikala kwa konkire, mmene yatulukira kunja kwa njerwa, ndi mtundu wa dothi lapansi pake. Kwirirani tsiku lomwelo.

Chipilala chomwe chinapendekeka pang'ono chaka choyamba n'kuima pomwepo mukhoza kukhala nacho. Chomwe muyeso wake ukuwonjezereka mwezi ndi mwezi sichidzasiya chokha.

## Chipilala chikuweramira komwe kuli geti

Ngati chingwe chikuonetsa kuti chipilala chaima chilili koma geti likukhulabe pansi, chipilala chilibe mlandu. Mahinji adyeka, kapena felemu ya geti yazyolika kumapeto. Wowotcherera zitsulo asinthe mahinjiwo ndi kuika chitsulo chopingasa kuchoka pa hinji la m'mwamba kukafika pangodya ya m'munsi ya mbali ya loko.

Ngati chapendekekadi, yang'anani izi motsatana.

1. Maziko ndi aang'ono poyerekeza ndi geti. Ichi ndiye chofala kuposa zonse. Amisiri ambiri amakumba dzenje longokwana njerwa, kuiwala kuti geti silingokanikiza pansi, limakoka. Chitseko chimodzi cha geti cha mamita 2 m'lifupi, cholemera makilogalamu 60, chokhala ndi mahinji otalikirana mita 1.2, chimakoka hinji la m'mwamba ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa thumba la simenti la makilogalamu 50, usana ndi usiku, kwinaku chikukankha hinji la m'munsi. Kukokako kumakathera pamlomo umodzi wa maziko, ndipo dothi la pamenepo likanyowa limagonja.

- Kuona: konkire yatuluka kunja kwa njerwa masentimita osakwana 15, kapena yachindikala osakwana 20.
- Kukonza: gumulani mumangenso. Kuthira konkire yatsopano mozungulira yakale sikupindula kwenikweni, chifukwa ziwirizo sizigwirana pokhapokha mutaboola yakaleyo n'kulowetsamo zitsulo.

2. Palibe zitsulo zolumikiza maziko ndi chipilala. Maziko akhala bwinobwino, koma njerwa zang'aluka mopingasa pamzere woyamba kapena wachiwiri, kumbali yomwe kulibe geti. Matope a simenti amapirira kukanikizidwa, kukokedwa ayi. Chipilala chotere chikungoima ndi kulemera kwake, ndipo n'choopsa kwa ana. Dziko lathu limagwedezekanso ndi zivomerezi, monga cha ku Salima mu 1989 ndi za ku Karonga mu Disembala 2009, ndipo njerwa zoima zokha zopanda zitsulo n'zomwe sizichedwa kugwa. Kumata sikukonza vutoli. Phwasulani mpaka pamaziko.

3. Geti analipachika msanga. Konkire imafika pamphamvu yomwe timaiwerengera pakatha masiku 28. Pa tsiku la 7 imakhala ili pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvuyo. Geti lopachikidwa patangotha masiku 2 kapena 3 limamasula mchira wa hinji m'kati mwa njerwa matope asanagwire. Mudzaona ufa wa simenti ukugwa pabowo la hinji nthawi iliyonse mukatsegula. Ngati chipilala chili chilili, gobani mozungulira hinjilo, mutsuke fumbi, mudzaze matope a simenti 1 ku mchenga 3, ndipo geti lidikire milungu 2.

4. Mphepo, ana okwera pageti, ndi galimoto. Geti lotsekedwa lonse ndi lata limagwira mphepo yamkuntho ya kumayambiriro kwa dzinja, ndipo likamenyetseka mphamvu yonse imapita kuchipilala. Ikani choimitsa geti pansi mbali zonse ziwiri, lotseka ndi lotsegula. Kateyala kakang'ono kumapeto kwa chitseko kamachotsera chipilala katundu wambiri, bola pomwe kakuyenda pakhale posalala ndi polimba.

## Chipilala chatitimira kapena chapendekeka mvula itagwa

Apa mupeza kuti chipilala chatsika kusiyana ndi chinzake, kapena chasiyana ndi mpanda pang'onopang'ono, mng'alu wake waukulu m'mwamba, waung'ono m'munsi.

1. Maziko anakhala pa dothi lapamwamba kapena lothira. Dothi lakuda lomera udzu lili ndi mizu ndi zinyalala zomwe zimaola n'kusiya mphako. Lothira posalaza malo limaoneka lolimba chilimwe, koma limaphwera likakhuta madzi. Tengani chitsulo cha Y12 (chitsulo choika m'konkire chonenepa mamilimita 12) chotalika mita imodzi, muchikanikize ndi thupi lanu pansi pa kadzenje mwakumba kaja. Chikalowa masentimita opitirira 10 popanda kuchikhoma, dothilo silingasenze chipilala. Dothi lachilengedwe lolimba, monga katondo wosakumbidwapo, limafuna piki ndipo mtundu wake umakhala umodzi. Lothira mumapezamo zidutswa za njerwa, makala, mapepala apulasitiki ndi mitundu yosakanikirana.

Kukonza kwake n'kukumba mpaka mutapyola dothi lothiralo, ngakhale zitatanthauza kuwonjezera theka la mita. Mpata wowonjezerawo mudzaze ndi konkire yochepa simenti, ya simenti 1 ku mchenga 3 ku miyala 6, osati dothi lomwe mwafukulalo.

2. Madzi akusonkhana patsinde pa chipilala. Tulukani mvula ikugwa mukaone komwe madzi akulowera. Mphindi 5 zimenezo zimakuuzani zambiri kuposa kuyang'ana tsiku lonse kuli dzuwa. Kawirikawiri ndi madzi a padenga, a mumsewu olowera pageti, mpopi wapanja wopanda ngalande, kapena maluwa obzalidwa mogundana ndi chipilala omwe amathiriridwa m'mawa ndi madzulo. Paipi yodontha pansi imabisala: tsekani mipopi yonse ya pakhomo, muwerenge mita, mudikire ola limodzi. Nambala ikasintha, madzi akutayika penapake, ndipo mapaipi ambiri olowa pakhomo amadutsa pafupi ndi geti.

- Konzani kaye za madzizo, kenako muyeze chipilala kwa dzinja limodzi. Chikaima pomwepo, chisiyeni.
- Pozungulira chipilala pakhale potsetsereka kuchoka pa icho, masentimita 5 pa mita iliyonse.
- Ngalande idutse mita imodzi kapena kuposa kuchoka pamaziko, ndipo ikhale yowaka ngati madzi ake ndi othamanga.

3. Pansi pali dzenje lakale kapena chiswe. Dzala lokwiriridwa, chimbudzi chakale, dzenje lomwe anaumbirapo njerwa, chitsa chomwe chaola, kapena chulu chomwe anangochisalaza pamwamba. Chizindikiro chake ndi kutitimira kwadzidzidzi, nthawi zina ndi kabowo kotseguka pambali mvula itagwa. Dothi la pachulu limanyenga chifukwa ndi louma gwa, koma m'kati muli njira ndi zipinda za chiswe. Ngati n'kotheka sunthani chipilalacho. Ngati n'cha geti ndipo sichingasunthe, chulu chikumbidwe chonse, adzazemo dothi la miyala m'magawo a masentimita 15, gawo lililonse lonyowetsedwa pang'ono ndi kutsenderedwa ndi chipika cholemera.

4. Konkire anaithira pa matope kapena pa dothi lofukufuku. Dzenje likagona ndi madzi a mvula, pansi pake pamasanduka phala. Zikatero chipilala chimatsika masentimita angapo m'miyezi yoyambirira n'kuima. Ngati chatsika chilili ndipo muyeso sukusinthanso, kwezani mahinji basi.

5. Wina anakumba pafupi. Ngalande ya paipi kapena ya waya wa magetsi yokumbidwa mogundana ndi maziko imachotsa dothi lomwe limawatchinjiriza. Lamulo losavuta ndi ili: ngalande ikazama kupitirira pansi pa maziko ndi theka la mita, italikirenso theka la mita kuchoka pamlomo wa mazikowo.

## Chimapendekeka chilimwe, dzinja n'kubwerera pang'ono

Geti limavuta kutseka mu Okutobala, mu Febuluwale n'kumatsekeka, kapena mosemphanitsa. Chaka chilichonse chipilala chimabwerera, koma osafika pomwe chinali.

1. Makande. Dothi lakuda lomata la m'madambo, lofala m'chigwa cha Shire ku Chikwawa ndi Nsanje komanso m'zigwa zozungulira nyanja ya Chilwa, limatupa likanyowa ndipo limanyala likauma. Chilimwe limang'aluka ming'alu yolowa dzanja. Nyowetsani kadothi, mukapote pakati pa zikhatho: kakapanga kachingwe kowonda kosaduka, ndipo kakawala mukakapaka ndi chikhadabo, ndi dongo lotupa. Maziko osaya amakwera ndi kutsika limodzi nalo, ndipo popeza mbali imodzi imauma msanga kuposa inzake, chipilala chimapendekeka.

- Pansi pa maziko pafike mita imodzi kapena kuposa, pomwe dothi limakhalabe ndi chinyontho ngakhale mu Okutobala.
- Kulungani m'mbali mwa gawo lokwiririka ndi pepala lakuda lapulasitiki, kuti dongo likamatupa liziterereka m'malo monyamula chipilala.
- Wakani kakhonde ka konkire kozungulira, mita imodzi m'lifupi, kotsetserekera kunja. Ntchito yake ndi kuteteza dothi lapansi kuti lisamanyowe ndi kuuma mofulumira.
- Pakati pa chipilala cha geti ndi mpanda siyani mpata wa sentimita imodzi wopanda matope, kuti china chikasuntha chisang'ambe chinzake.

2. Mtengo uli pafupi. Pa dongo, bulugama ndi mango zimamwa madzi mbali imodzi, ndipo chipilala chimaweramira kumtengoko. Pa dothi lina lililonse, mizu ya kachere kapena ya mkuyu imalowa pansi pa maziko n'kuwatukula, ndipo apo chipilala chimathawa mtengo. Muzu umodzi mukhoza kuudula, koma musathamangire kugwetsa mtengo waukulu womwe uli pa makande n'kumanga sabata yomweyo. Dothi lomwe mtengowo unaliumitsa kwa zaka limayamba kutupa, ndipo limatha kutukula maziko atsopanowo. Pa dongo, chipilala chitalikirane ndi mtengo mtunda wofanana ndi kutalika komwe mtengowo udzafike ukakula.

## Ming'alu pachipilala chomwe chaima chilili

- Timing'alu tambirimbiri tonga ukonde pa pulasitala. Pulasitala anauma msanga kapena simenti anachuluka. Gogodani ndi chogwirira cha hamala: pakamveka gwa, pakani utoto basi, pakamveka phokoso la mphako, supulani mupakenso ndi 1 ku 5.
- Mng'alu wotsika chilili pangodya, wotuluka madzi ofiirira. Chitsulo cha m'kati chachita dzimbiri. Dzimbiri limatupa kuposa chitsulo chomwe lachokerako, n'kukankha njerwa. Zimachitika chitsulo chikagundana ndi njerwa, kapena pamwamba pa chipilala pakamalowa madzi. Gobani, mupale dzimbiri ndi bulashi ya waya, mutseke ndi matope olimba, ndipo muike chipewa cha konkire chotuluka masentimita 5 mbali zonse, chokhala ndi kamzere kolemba kunsi kuti madzi azidontha osatsetserekera pa njerwa.
- Mng'alu wopingasa pamzere womwe anayala pepala lapulasitiki lotchinga chinyontho. Pakhoma la nyumba pepalalo n'lofunika, chifukwa denga ndi makoma ena zimaligwira. Pachipilala choima pachokha limadula kugwirana kwa matope, ndipo chipilala chimatha kutsetsereka pomwepo. M'malo mwake mangani mizere 2 kapena 3 yoyambirira pamwamba pa nthaka ndi njerwa zopsa kwambiri ndi matope a 1 ku 3.
- Mng'alu wokwera ngati masitepe polumikizana ndi mpanda. Chimodzi mwa ziwirizo chikutitimira. Bwererani ku gawo la kutitimira.

## Konkire ya maziko ikunyenyeka

Kandani ndi msomali wa mainchesi 4. Konkire yabwino imangolembeka kamzere koyera. Ikamagumuka ngati chigumu, miyala n'kumachoka ndi zala, mazikowo atha ntchito ndipo palibe chopaka pamwamba chomwe chingawabwezere mphamvu. Dziwani chomwe chinalakwika kuti chisabwerezedwe.

1. Madzi anachuluka. Konkire yamadzimadzi imayenda yokha m'dzenje, n'chifukwa chake okanya amaikonda, koma madzi owonjezerawo akauma amasiya timabowo. Thumba limodzi la makilogalamu 50 limafuna madzi pafupifupi malita 25, ndipo mchenga ukakhala wonyowa muchepetse. Yokanyidwa bwino imaima mulu pafosholo, osachucha.

2. Simenti anachepa. Kuyeza ndi fosholo kumanamiza, chifukwa fosholo ya mchenga wonyowa imanyamula zambiri kuposa ya simenti. Yezani ndi ndowa imodzimodzi kapena wilibala yosadzaza mulu.

3. Mchenga wa dothi. Thirani mchenga m'botolo loonekera mpaka masentimita 10, muwonjezere madzi ndi kamchere pang'ono, mukhutchumule, musiye maola 3. Dothi limakhala pamwamba pa mchenga ngati kamzere kosalala. Kakapitirira mamilimita 8, mchengawo utsukidwe kapena mupeze wina wa kumtsinje.

4. Sanathirire. Simenti sauma ngati matope a dothi. Amalimba pogwirana ndi madzi, ndipo madziwo akathawa msanga kulimbako kumaima. Dzuwa la Seputembala ndi Okutobala limawononga konkire tsiku loyamba lomwelo. Thirani konkire m'mawa kwambiri kapena chakumadzulo, muifunditse masaka onyowa kapena udzu, ndipo isaume kwa masiku 7.

5. Simenti wogonera. Thumba lomwe lakhala miyezi yopitirira 3, kapena linagona pansi pachinyontho, limachepa mphamvu. Finyani zibuma zake: zikaphwanyika ndi zala ndi wogwiritsika ntchito, zikakana musamuike pamaziko. Pogula onani chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards ndi nambala ya mphamvu, 32.5 kapena 42.5. Onse awiri amakwanira pa ntchitoyi, kungoti wa 32.5 amafuna kuleza mtima pothirira.

6. Zidutswa za njerwa m'malo mwa miyala ya kwale, kapena konkire yomwe inayamba kugwira n'kuithiranso madzi. Yokanyidwa ilowe m'dzenje ola lisanathe.

## Choikapo mphika wa maluwa kapena nyale chikugwedera

Izi n'zopepuka m'munsi, zolemera m'mwamba. Mphika waukulu wa simenti wodzaza dothi lonyowa umatha kulemera kuposa mwana yemwe angaukoke.

1. Anangochikhazika pa kapinga kapena pa njerwa zoyala. Kumbani masentimita 40 mpaka 50, muthire konkire ya masentimita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi, yochindikala 20, ndipo mukwere ndi njerwa mpaka pamwamba pa nthaka.
2. Pamwamba pa maziko si pa levulo, ndiye anapanikiza timiyala kunsi. Timiyalato timaphwanyika kapena kuthawa. Nyamulani choikapocho, muyale matope a 1 ku 4 ochindikala masentimita 2, muchikhazike, muyeze ndi levulo mopingasa mbali ziwiri matope asanagwire.
3. Zigawo zake sizinalumikizidwe. Chitsulo chimodzi cha Y12 chizikidwe m'maziko, chikwere pakati pa chipilala mpaka chilowe m'mbale ya pamwamba.

Ngati ndi cha nyale, paipi yodutsamo waya iikidwe konkire isanathiridwe. Kugoba pambuyo pake ndi komwe kumafooketsa tsinde.

## Ufa woyera pa njerwa, utoto kusupuka m'munsi

Ndi mchere wotuluka m'njerwa, mumchenga kapena m'madzi omangira, makamaka a mjigo wa madzi amchere. Chinyontho chimaukweza, dzuwa n'kuusiya panja. Pachipilala chatsopano, palani ndi bulashi youma. Mukatsuka ndi madzi mcherewo umangolowanso. Ukamabwerera chaka ndi chaka, njerwa za m'munsi n'kumafumbutuka, ndiye kuti dothi kapena maluwa zaunjikana patsinde. Chotsani dothilo, musinthe njerwa zofumbutukazo imodziimodzi, osati zonse nthawi imodzi.

## Siyani, itanani katswiri

- Pamwamba pa chipilala pachoka pamzere kupitirira gawo limodzi mwa magawo 6 a kukula kwake: pafupifupi masentimita 7.7 pachipilala cha masentimita 46 m'lifupi, kapena 5.7 pa cha 34. Chotsani geti lero, mutchinge kuti ana asafikepo.
- Chipilala chikusuntha mukachikankha ndi dzanja.
- Chanyamula denga, kapena thanki. Malita 1,000 a madzi ndi tani imodzi. Thanki ya malita 5,000 pamwamba pa zipilala ndi matani 5 ali pamutu pa anthu.
- Mpanda wake ukutchinga dothi lokwera mbali imodzi.
- Nthaka yeniyeniyo yang'aluka chakumtunda kwa chipilala, kapena mitengo ndi mipanda ya anansi yapendekekera kumodzi. Pamenepo chikuyenda ndi phiri, monga zinaonekera m'mapiri a Blantyre pa namondwe Freddy mu Malichi 2023.
- Mwakumba mita 1.2 osapeza dothi lolimba, kapena m'dzenje mukutuluka madzi. Dzenje lozama kuposa apo limatha kugumukira munthu.
- Mwakumana ndi waya wa magetsi kapena paipi yaikulu. Dziwitsani a ESCOM kapena a Water Board a dera lanu.

Chipilala chopendekeka musachikoke ndi galimoto, musachikumbe mozungulira, ndipo musachigwetse podula m'munsi. Chiphwasulidwe kuyambira pamwamba, mzere ndi mzere.

## Kumanganso maziko a chipilala cha geti

Miyeso iyi ndi ya chipilala cha njerwa ziwiri, masentimita 46 ku 46, chotalika mamita 2, chonyamula chitseko cha makilogalamu 60 mpaka 80, pa dothi lolimba.

Zofunika: matumba 2 a simenti a maziko, limodzi la konkire ya m'kati mwa chipilala ndi ena 2 omangira ndi kupaka pulasitala, njerwa zopsa bwino pafupifupi 170, zitsulo 4 za Y12, malingi ogwirizira zitsulozo pamodzi a R6 (chitsulo chosalala chonenepa mamilimita 6) a masentimita 15 ku 15, waya womangira, mchenga wa kumtsinje ndi miyala ya kwale ya mamilimita 20. Valani magolovesi ndi majombo, chifukwa simenti wonyowa amawotcha khungu.

1. Kumbani dzenje la masentimita 90 ku 90, lozama masentimita 70 mpaka 80; pa makande mita imodzi kapena kuposa. M'mbali mukhale chilili, pansi pa levulo. Dothi lofukufuku lichotsedwe lonse, osati kupondedwa ndi phazi.
2. Yalani konkire yochepa simenti masentimita 5 tsiku lomwelo, kuti mvula ikagwa usiku pansi pasawonongeke.
3. Pindani zitsulo 4 zija phazi la masentimita 30, muzimange ndi malingi otalikirana masentimita 20. Zikhale pa tizidutswa ta konkire tochindikala masentimita 5, osati pa njerwa kapena pamtengo. Ziyezeni ndi chingwe, muzichirikize ndi matabwa.
4. Kanyani thumba limodzi la simenti, wilibala imodzi ya mchenga ndi mawilibala 2 a miyala; wilibala ya omanga yosadzaza mulu ndi pafupifupi malita 65, ndiye muyeso umenewu ndi 1 ku 2 ku 4. Sakanizani zouma mpaka mtundu ufanane musanathire madzi.
5. Thirani masentimita 30 m'magawo awiri, gawo lililonse lojobedwajobedwa ndi chitsulo mpaka thovu la mpweya litasiya kutuluka. Konkire yopanda zitsulo zoyala pansi isatuluke kunja kwa njerwa kupitirira kuchindikala kwake. Apa yatuluka masentimita 22 pomwe yachindikala 30, ndiye zili bwino.
6. Pakatha masiku 2 yambani njerwa, 6 pamzere uliwonse, zonyowetsedwa, ndi matope a 1 ku 4 ochindikala sentimita imodzi. Bowo la pakati lidzazidwe konkire ya timiyala ting'onoting'ono pakatha mizere 5 kapena 6 iliyonse, njerwazo zitagona usiku umodzi. Matope ogwera m'bowomo muziwachotsa.
7. Mchira wa hinji upindidwe ngati mbedza, ulowe mpaka m'bowo la pakati n'kukola chitsulo, konkire isanathiridwe pamenepo.
8. Kwirirani m'mbali m'magawo a masentimita 15, mukutsendera mbali zonse mofanana kuti chipilala chisakankhidwe.
9. Thirirani masiku 7. Geti lipachikidwe pakatha milungu 2, ndipo ngati n'lolemera kuposa makilogalamu 80, masiku 28. Tsiku lopachikalo yezani ndi chingwe chija, mulembe muyeso, mudzayezenso mvula yoyamba yamphamvu ikagwa.